Snowmobile yakana kulira itagona chilimwe chonse: yambirani apa musanadule chingwe

Chaka chilichonse ikafika November kapena December, sinowo akangogwa ku Manitoba, Alberta, Minnesota kapena kumpoto kwa Norway ndi Finland uko, nkhani imakhala yomweyomweyi. Munthu wavundukula snowmobile (kagalimoto koyenda pa sinowo) yomwe inaimikidwa mu April, wakoka chingwe mpaka phewa kuwawa, injini ili ziii. Ina imalira masekondi atatu nkuthima. Ina imalira bola choke (kandodo koonjezera petulo poliza injini yozizira) ili yokoka, mukangoibweza basi yafa. Ambiri amene tinabwera kumaiko ozizira kuno titakula kale chinthuchi tinachipeza pa ntchito, pa famu, kapena tinagula chakale pa masamba ogulitsirana zinthu a Kijiji ndi Facebook Marketplace, nde palibe anatiuzapo kuti chimafuna chani chikagona miyezi 7.

Injini imafuna petulo wabwino, moto wa pa pulagi, mpweya ndi kompulesheni. Pa zinayizi chomwe chimaonongeka msanga chinthu chikangoima ndi petulo, ngati munasiyapo jenereta osailiza kwa miyezi ingapo fungo lake mukulidziwa kale. Koma mvetsani ichi kuyambira pano: snowmobile ya two-stroke (injini yowotcha oyilo pamodzi ndi petulo) yomwe yalira pomwe jeti (kabowo kodutsa petulo mu kabureta) imodzi ili yotsekeka pang'ono ndi yoopsa kuposa yomwe yakaniratu. Yokanayo ingokutopetsani. Inayo mukwera, mupereka faya, silinda imodzi ikulandira petulo wochepa, pisitoni nkusungunuka muli kutali ndi pomwe mwasiya galimoto kunja kuli -25. Ndiye musathamangire kumva kulira.

## Zofunika kukhala nazo

- Buku la snowmobile yanuyo. Ngati linasowa, Ski-Doo, Polaris, Arctic Cat, Yamaha ndi Lynx amaika mabuku awo pa intaneti, ingodziwani chaka ndi model
- Petulo watsopano malita 10 kapena 20, wa okiteni yomwe buku likunena, zambiri zamphamvu zimafuna 91 ya ku Canada ndi America
- Chigubu chopanda kanthu ndi kapampu kamanja kopopera petulo wakale
- Mapulagi atsopano a nambala yomweyo, ndi sipanala yake
- Oyilo wa two-stroke wa snowmobile, kapena oyilo ndi fyuluta ngati yanu ndi four-stroke
- Carb cleaner yopopera, ndi mphepo ya kompulesa ngati ilipo
- Masikuludiraiva, kuphatikizapo kafulati kowonda kwambiri, masoketi ndi pulayazi
- Multimeter ndi chaja ya batire yochaja pang'onopang'ono
- Geji ya kompulesheni, olo yobwereka
- Tochi, nsanza, magolovesi, magalasi oteteza maso
- Sitandi yokwezera kumbuyo
- Chozimitsira moto pafupi, osati mnyumba

## Dziwani kaye injini yanu ndi yotani

Pali magulu atatu ndipo ntchito yake imasiyana. Yoyamba ndi two-stroke ya kabureta, monga zakale zambiri ndi za 550 zoziziritsidwa ndi fani, izi ndi zomwe zimavuta kwambiri ndipo mutu wa kabureta pansipa ndi wa izo. Yachiwiri ndi two-stroke ya injection, monga Rotax E-TEC ya mu Ski-Doo ndi Lynx, ilibe kabureta olo choke. Yachitatu ndi four-stroke, monga Rotax 600 ACE ndi 900 ACE kapena za Yamaha zambiri za zaka zapitazi, zomwe zimadalira batire kwambiri chifukwa zambiri zilibe chingwe chokoka. Ngati mukuona kathanki ka oyilo komwe kamatsika mukamayenda ndi kandodo ka choke pa dashibodi, yanu ndi ya gulu loyamba.

## 1. Ikokereni panja ndipo kwezani kumbuyo

Osailizira mu galaja yotseka. Utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide womwe sununkha ndipo umapha, nanga si kunja kukuzizira anthu amatseka chitseko ati mphindi ziwiri zokha. Itulutseni, kapena tsegulani chitseko chachikulu chonse ekizozi iloze kunja.

Ikani kumbuyo pa sitandi kuti track (lamba wamkulu woyendera pa sinowo uja) isakhudze pansi, ma ski muwatsamiritse ku chinthu cholimba, kutsogolo kapena kumbuyo kusakhale munthu. Snowmobile zambiri zilibe nyutulo ngati galimoto, kilatchi yake imagwira yokha injini ikakwera, pa two-stroke zambiri penapake pakati pa 3000 ndi 4500 rpm, ndiye throttle (kodinira faya kaja) ikakakamira chinthucho chimangonyamuka chokha.

## 2. Fufuzani za makoswe ndi zomwe munatsekera nokha

Tsegulani mbali zonse, walitsani tochi. Mbewa ndi makoswe zimakonda bokosi la mpweya ndi mkati mwa ekizozi, zimatutiramo udzu, thonje la mu mpando, njere za mbalame, chilichonse. Chotsani bokosilo musuzumire mkati, musangoona pamwamba. Chisa chikakokedwa nkulowa mu injini ntchito yake ndi yophwasula.

Onaninso mawaya ngati adyedwa, makamaka pafupi ndi koyilo ndi pansi pa thanki. Ndipo ngati mu April inu kapena mwini wake wakale munatseka ekizozi ndi nsanza kapena sitiliwulu poopa makoswe omwewo, chotsani pano. Anthu amaiwala chimenechi kwambiri, nkumadabwa injini ikutsokomola kamodzi nkuthima.

## 3. Throttle, buleki ndi maswitchi

Dinani throttle nkuisiya, kangapo, handulo ili pakati, kenako mutaikhotetsa kumanja ndi kumanzere mpaka kumapeto. Iyenera kubwerera yokha mwachangu nkumveka kuti thwa. Ikamabwerera mozengereza musalize, konzani kaye kebulo kapena ma slide (tizitseko totsegulira mpweya) a mu kabureta omwe amamatidwa ndi phula la petulo. Buleki ikhale yolimba pa dzanja.

Kenako zinthu zochititsa manyazi zija. Batani lofiira la pa handulo likhale m'mwamba. Kachingwe kachitetezo komangirira ku jekete kalowe bwino pa malo pake, pa Ski-Doo kameneka ndi kiyi yemwe ali ndi kachipu kachitetezo kotchedwa DESS, kakakhala ndi dothi mkati injini imalira koma osakwera. Kiyi akhale pa ON. Ngati pali kampopi kotsekera petulo, katseguleni. Palinso switchi ya chitetezo pa throttle, ku Yamaha amaitcha TORS, yomwe imadula moto ikaona kuti kebulo siili bwino, ndiye mukagwiragwira makabureta mukumbukire imeneyi.

## 4. Chotsani petulo wakale yense

Tsegulani thanki mununkhize. Petulo wabwino amanunkha mwakuthwa, wogona amanunkha ngati vanishi ndipo amada, kukhala wachikasu chakuda kapena wabulauni. Petulo wamba wa pa filing'i sitesheni ku America ndi Canada nthawi zambiri amakhala ndi ethanol wofika 10 peresenti, ethanolyo amakoka chinyezi cha mu mpweya, zikachuluka madzi ndi ethanol zimapatukana ndi petulo nkukhala pansi pa thanki, pomwe paipi imayamwira pomwepo. Popani pang'ono mu botolo loonekera mkati mulisiye mphindi zingapo, mukaona mzere wogawa pansi dziwani kuti ndi zimenezo.

Ine ndimati ngati simukutsimikiza kuti munathira stabilizer, mankhwala osunga petulo kuti asaonongeke, monga Sta-Bil kapena Sea Foam nthawi yoimika, popani yense basi. Ndipo stabilizer sadzutsa petulo wofa kale, kuthira lero nkutaya ndalama. Kuthira watsopano pamwamba pa wakale kumathandiza pokhapokha wakaleyo ali wochepa kwambiri komanso alibe madzi. Osapopa ndi pakamwa. Wakaleyo mukasiye ku malo a khonsolo olandira zinyalala zoopsa, osati mu ngalande.

Thanki ili yopanda kanthu chonchi, walitsani tochi mkati muone kapaipi koyamwira ndi kasefa kake kumapeto. Pa snowmobile zakale kapaipi kameneka kamafewa nkuduka, kasefa nkugwera pansi, ndiye thanki ikatsika pang'ono pampu imangoyamwa mpweya. Finyani mapaipi ena onse a petulo ndi zala, olimba ngati ndodo kapena ong'aluka sinthani, ndi otchipa. Fyuluta yaing'ono ya pa paipi sinthaninso. Mukatero thirani watsopano, wopanda ethanol ngati kwanuko akupezeka.

## 5. Oyilo ndi madzi

Pa two-stroke dzazani kathanki ka oyilo ndipo tsatirani paipi yake mpaka ku pampu muone ngati mulibe thovu lalikulu la mpweya. Pa four-stroke, ngati oyilo sanasinthidwe poimika, lizani kaye itenthe kenako musinthe pamodzi ndi fyuluta. Zambiri mwa izi oyilo wake amakhala mu thanki yapadera ndipo amayezedwa injini itatentha, nde mukayeza ili yozizira nkuona wochepa musangodzaza, werengani buku.

Coolant akhale pa mzere wake, chitsekero chake mutsegule injini ili yozizira basi. Onani oyilo wa mu chaincase (bokosi la tcheni chozunguza track), akaoneka ngati mkaka mwalowa madzi. Yang'anani pansi pomwe inaima ngati pali madontho.

## 6. Batire

Ikani multimeter pa DC. Batire lodzaza limaonetsa 12.6V kapena kuposerapo pang'ono, likakhala pansi pa 12.4V lichajeni, likakhala pansi pa 12V ndiye latsika kwambiri ndipo mwina silibwereranso bwino. Chajani ndi ma amp ochepa, 1 kapena 2, usiku wonse. Chaja yaikulu ya galimoto pa boost imaphika timabatire timeneti.

Nambala ya batire lili phee imanamiza. Yezaninso pomwe wina akudina sitata, likagwa pansi pa 10V ndi lotha olo m'mawa linaonetsa 12.6. Palani dzimbiri pa ma temino, pomanga yambani wofiira kenako wakuda. E-TEC yokhala ndi chingwe imatha kulira olo batire lafa chifukwa imapanga magetsi ake mukamakoka, koma four-stroke ya injection batire lofooka limaizunguza bwinobwino osalira, inu nkumaganiza kuti vuto ndi petulo.

## 7. Mapulagi, moto ndi kompulesheni

Pukutani kaye mozungulira mapulagi kuti dothi lisagwere mkati, kenako masulani onse. Aoneni. Onyowa ndi oyilo wakuda nzosadabwitsa ngati injini inapoperedwa fogging oil, oyilo woteteza mkati mwake ku dzimbiri, poimika. Dzimbiri pa pulagi ndiye nkhani ina, likusonyeza kuti chinyezi chinalowa.

Mapulagi ali ochotsa, switchi ili yothimitsa, kokani chingwe pang'onopang'ono. Chiyenera kubwera mosalala. Chikakakamira musachikakamize ndi mphamvu kapena ndi sitata, thirani kasupuni ka oyilo wa two-stroke mu silinda iliyonse mudikire mawa, muyese kuzunguza kilatchi ndi manja. Ikakanabe kapena mukamva kukhulana kwa zitsulo, mabeyaring'i a crank achita dzimbiri, apo mpofunika makaniko. Pena mukakoka petulo amathovoka pa mabowo a mapulagi, ndiye kuti kabureta inkadontha chilimwe chonse nkudzaza pansi pa injini. Phimbani ndi nsanza, mukoke kangapo mpaka asiye kutuluka, moto uliwonse ukhale kutali.

Poyesa moto, lowetsani pulagi mu kapu yake, chitsulo chake chikhudze injini patali ndi bowo la pulagi, yatsani switchi, kokani mwamphamvu. Moto wabwino ndi wabuluu ndipo umathetheka, wachikasu wofooka ndi wokaikitsa. Chenjezo apa: osakoka switchi ili yoyatsa pomwe makapu akungolendewera opanda pulagi yokhudza injini, mutha kuotcha CDI (kabokosi koyendetsa moto wa mapulagi) kapena koyilo. Ngati mbali zonse zilibe moto bwererani ku sitepe 3, kawirikawiri ndi switchi kapena waya wodyedwa. Ngati ndi mbali imodzi, sinthani pulagi, kenako kapu.

Poti mapulagi ali kunja kale yezani kompulesheni. Switchi yothimitsa, throttle yodina mpaka kumapeto, kokani kasanu kapena mpaka singano isiye kukwera. Two-stroke zambiri zathanzi zimapereka pakati pa 110 ndi 150 psi, koma chofunika kwambiri nchakuti masilinda asasiyane kuposa 10 peresenti. Imodzi 130 ina 90, kutsuka kabureta sikuthandiza.

Pobwezera, ikani mapulagi akale oyamba mutawapukuta. Fogging oil uja akamapsa amadetsa mapulagi, nde atsopano dikirani nawo mpaka utsi utachepa. Zambiri za kabureta zimagwiritsa NGK BR9ES koma onani buku ndi gap yake. Yambani kumanga ndi zala kuti musaononge ma thread a aluminiyamu. Pa E-TEC mangani ndi torque wrench pa nambala ya mu buku, chifukwa komwe kakamwa ka pulagi kaloza nkofunika pa injini imeneyo.

## 8. Tsukani makabureta, olo ikuoneka kuti ilira

Apa mpomwe pagona ntchito yonse. Petulo wotsala mu kabakuli ka pansi pa kabureta amauma nkusiya phula lobiriwira kapena labulauni, ndipo loyamba kutsekeka ndi pilot jet chifukwa kabowo kake nkakang'ono kuposa onse. Pilot jet ndiyo imadyetsa injini poliza ndi pa idle. Nchifukwa chake imalira ndi choke nkuthima mukaibweza, choke ili ndi njira yakeyake ya petulo. Main jet ndiyo ya faya wamkulu, ikatsekeka theka simudziwa muli pa sitandi, mudziwira m'tchire.

Jambulani ndi foni musanamasule chilichonse, mapaipi, makebulo, zonse. Tsekani petulo, chotsani bokosi la mpweya, masulani makilampu, tulutsani makabureta. Gwirani imodzi imodzi, musasakanize zida, pa snowmobile zina jeti ya mbali ya kilatchi ndi ya mbali ya magneto sizofanana nambala.

Masikuluu a kabakuli ka kabureta ya Mikuni ndi ofewa ndipo mitu yake ndi ya JIS, imaoneka ngati Phillips koma sikuludiraiva wamba amaidya. Dinikizani mwamphamvu musanapotoze. Mukatsegula chotsani ma float, pini yake, ndi kasingano kotsekera petulo. Kansonga kake kakadyeka mzere sinthani pamodzi ndi mpando wake, kameneka ndi komwe kamadzazitsa injini petulo. Main jet ili pakati, ya makona 6 ija imamasuka ndi 6mm. Pilot jet yabisala mkati mwa kapaipi pambali pake, pafunika kafulati kowonda kokwana bwino mu mpata wake, kakakhala kakang'ono kamabenthula mkuwa jeti nkukakamira momwemo.

Air screw kapena fuel screw, sikuluu yosinthira mpweya kapena petulo wa pa idle ija, musangoimasula. Ipotozeni kulowa mkati mofatsa mpaka ikhudze, mukuwerenga kuti yazungulira kangati, lembani, kenako itulutseni. Pobwezera muchite chimodzimodzi mobwerera. Osaimanga mwamphamvu, nsonga yake imaphwanyika.

Chotsani ma O-ring ndi za labala musanapopere carb cleaner chifukwa imazitupitsa. Valani magalasi, mankhwalawa amabwerera m'maso kudzera kabowo komwe simumayembekezera. Poperani mu njira iliyonse muone ikutulukira mbali ina, kenako mphepo. Jeti iliyonse muiloze ku kuwala, muone kabowo kozungulira bwino, osati kowala pang'ono chabe. Ngati phula lakakamira gwiritsani kaulusi kamodzi ka waya wa kopa kapena katsitsi ka bulashi ya nayiloni. Singano yosokera, waya wachitsulo kapena dirilo ayi, zimakuza bowo ndipo jetiyo yasanduka nambala ina. Pilot jet yatsopano ndi yotchipa kuposa nthawi yomwe mungataye pa yakale, ingoonani nambala yolembedwa pambali pake.

Musanabwezere pindani malabala olumikiza kabureta ku injini muone ngati ang'aluka. Mng'alu umalowetsa mpweya wakuba, idle imakwera yokha ndipo silinda imatentha mofanana ndi jeti yotsekeka ija. Onaninso kuti tizitsulo ta choke tikutsika mpaka pansi. Mukamanga zonse, throttle ikhale ndi kampata kochepa isanayambe kukoka, ma slide anyamukire limodzi, ndipo mizere ya pa pampu ya oyilo ilunjikane monga buku likunenera. Bwerezani sitepe 3.

A injection mulibe zonsezi. Inu ndi petulo watsopano, fyuluta ndi mafiyuzi. Ma injector akatsekeka apititseni kokatsukitsa, ndipo mapaipi ake amakhala ndi presha yaikulu, osangowazula.

## 9. Lamba ndi kilatchi

Ngati lamba wa pa makilatchi anachotsedwa poimika, palani nkhope za makilatchi onse ndi Scotch-Brite kuchotsa dzimbiri ndi zakuda, pukutani ndi kansalu ka asetoni, osapaka oyilo kapena girisi. Lamba wong'aluka, wonyezimira kapena wotuluka ulusi sinthani. Mbwezereni kutsata muvi wake, tsekani chophimba. Osapereka faya lamba palibe, kilatchi yopanda katundu imathamanga mopitirira ndipo itha kuphulika.

## 10. Tsopano lizani

Buleki yoimikira ikhale yogwira, kachingwe kachitetezo kali pa mkono panu, chala pafupi ndi batani lofiira. Ya kabureta: choke yonse, throttle osaikhudza olo pang'ono, chifukwa mukatsegula throttle choke ya Mikuni imasiya kukoka petulo. Ngati ili ndi primer (kapampu kamanja kopopera petulo mu injini), ipopeni mpaka mumve kulimba kenako kawiri kapena katatu. Kokani chingwe pang'ono mpaka chigwire, kenako kokani kamodzi mwamphamvu, osachitulutsa mpaka kumapeto ndipo osachisiya chibwerere chokha momenya. Ya sitata, masekondi 5 nkupumitsa theka la mphindi.

Poti mapaipi ndi makabureta ndi ouma, pampu yake yomwe imayendetsedwa ndi kupuma kwa injini kudzera mu kapaipi ka impulse imafuna kukoka kambiri isanadzaze. Chidule chake nchakuti sakanizani petulo pang'ono ndi oyilo pa 50:1, ndiye kuti 20ml pa lita imodzi, thirani kasupuni kamodzi mu bowo la pulagi lililonse, mangani, kokani. Ilira masekondi angapo ndipo pampu ikoka yokha, pena mpofunika kubwereza kawiri katatu. Starting fluid ya ether ija ndimakana, ilibe oyilo ndipo imatsuka kochepa komwe katsala pa makoma a silinda youma kale.

Ikangolira bwezani choke pa theka, kenako yonse ikayamba kulemera. Utsi wambiri woyera kapena wabuluu poyamba ndi fogging oil, usiya. Ya injection, ingoyatsani nkudina kapena kukoka, throttle osaikhudza.

## 11. Ikakanabe, pulagi ikuuzani

Masulani pulagi mutakoka kangapo. Youma ndiye kuti petulo sakufika: onani kampopi, kapaipi ka mu thanki, kapaipi ka impulse ngati kang'aluka, kapena labala wa mkati mwa pampu wauma, pali kit yake yosinthira. Zulani paipi yopita ku kabureta muiloze mu botolo, wina akoke switchi ili yothimitsa, petulo azituluka modumpha.

Yonyowa ndiye kuti yamwa wambiri. Bwezani choke, pukutani kapena sinthani mapulagi, dinani throttle yonse nkukoka, koma apa track ikhale m'mwamba ndipo muisiye throttle nthawi yomweyo ikalira. Polaris zakale zambiri zili ndi timabawuti pansi pa crankcase totulutsira petulo wodzazamo.

Yonyowa, moto ulipo, kompulesheni ilipo, koma ziii? Kaikirani petulo ngati munasiyako wakale, kenako ekizozi yotsekeka.

## 12. Ikalira mvetserani musanakwere

Idle ikhazikike, zambiri zimakhala cha mma 1200 mpaka 1800 rpm. Ikamakwera yokha kapena ikachedwa kutsika mutapereka faya pang'ono, thimitsani, pali mpweya wakuba. Yandikizani dzanja pafupi ndi potulukira ekizozi pa silinda iliyonse mphindi yoyamba, zonse zitenthere limodzi, yozizira sikugwira ntchito. Onani madontho a petulo pansi pa makabureta.

Musaisiye nthawi yaitali pa sitandi. Zoziziritsidwa ndi madzi zambiri zilibe rediyeta ya fani, zimadalira sinowo yemwe track imamwazira pa zitsulo zoziziritsa za pansi pa mpando, popanda sinowo zimatentha msanga. Mphindi 5 zakwana, geji ikayamba kukwera thimitsani. Mapulasitiki omwe track imatsetserekapo amafunanso sinowo, nde izungulitseni pang'ono chabe kuti imasuke, mutachotsa buleki yoimikira.

Ikazizira ikani mapulagi atsopano. Ulendo woyamba ukhale pafupi ndi nyumba, injini itenthe kaye bwino musanapereke faya wamkulu chifukwa pisitoni imatupa msanga kuposa silinda yozizira nkugwirana. Mukabwerako masulani mapulagi, onse akhale abulauni mofanana. Imodzi ikayera mbee kapena ikakhala ndi timadontho ta aluminiyamu, osakweranso, bwererani ku kabureta ya mbali imeneyo.

## Zomwe anthu amalakwitsa kawirikawiri

Kuyenda ndi choke ya theka poti "ikuyenda bwino choncho". Uko nkubisa jeti yotsekeka, ndipo mapulagi amada nkufa panjira.

Kuthira mankhwala otsukira mu thanki nkumayembekeza kuti atsegula pilot jet. Mankhwala amatsuka pomwe petulo akudutsa, pa bowo lotsekekeratu sadutsa.

Kutsuka kabureta imodzi yomwe inali yosavuta kufikira. Injini imalira ndithu ndi silinda imodzi yabwino, inayo ikuvutika.

Kuthira oyilo mu thanki ya petulo ya E-TEC kapena ya four-stroke poti mnzanu wa snowmobile yakale amatero. Pa yakale ya kabureta ena amathiradi pang'ono mu thanki yoyamba ngati akukaikira pampu ya oyilo, koma pa zinazi ayi.

Kujampa ndi galimoto injini yake ikulira. Ngati mwakakamizika kujampa, galimotoyo ikhale yothimitsa, ndipo mawaya musawasemphanitse, kompyuta ya snowmobile ndi yodula.

Kusintha zida mwachisawawa, koyilo lero, CDI mawa, stator mkuja, musanayeze moto ndi petulo. Zida zamagetsi mashopu ambiri salandiranso mukazimangapo.

Kugwiritsa oyilo wa two-stroke wa boti kapena wa makina odulira udzu. Wa snowmobile anapangidwa kuti aziyenda mu paipi kukazizira kwambiri, winayo amalimba pampu nkumakoka wochepa.

Kuiwala ma power valve (tizitseko tosintha kukula kwa bowo lotulukira utsi) a pa ekizozi, omwe Ski-Doo imati RAVE, Polaris VES, Arctic Cat APV. Sakaniza injini kulira, koma akamatidwa ndi kaboni wa chaka chatha imakhala yolemera ikafika pa faya wapamwamba, anthu nkuyambanso kuphwasula makabureta omwe atsuka dzulo. Amasuleni muwatsuke mukadali ndi carb cleaner m'manja, ndipo muike chizindikiro mbali yomwe imayang'ana m'mwamba musanawatulutse.